Nsanje pa maliro a Petulo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, chisanu cha Juni chikuluma zala. Kusiwa, kwa alamu anga, mkazi wa achimwene, akwaya anali akuimbabe ngakhale mawu anali atasasa. Mwana wawo Petulo anamwalira ndi chifuwa kuchipatala. Ndinanyamula ndowa kupita kumjigo, ndipo ndisabise, mumtima mwanga munali nsanje.

Mwana wanga, Yohane, anadzipha chaka chatha. Tinamuika mothamanga, popanda nyimbo, anthu atazolika ngati ataya singano.

Sabata yathayi ndili kwa mwana wanga Lusiya ku Boma, tinaonera filimu ya mayi wina wakunja amene mwana wake anachitanso zomwezo. Chizungu sindimva, koma maso ndili nawo. Anzake ankabwera kudzakhala naye, kupatsirana zithunzi za mnyamatayo, kulira, mpaka kuseka pomukumbukira. Lusiya ankapukuta misozi. Ine ndinapsa mtima. "Zimitsa," ndinatero. "Mayi ameneyu akusowa chiyani?"

Dzuwa litakwera anthu anasefukira. A ku Mphunzi anatsika ndi mitolo ya nkhuni, a ku Chongoni ndi kabichi ndi mbatata ya kachewere. Ine ndinali kumafuwa, kudula matimati, diso lili pa nkhata za maluwa zomwe zinkangolowa m'nyumba. Utsi unandibisa bwino, panalibe wofunsa za misozi yanga. Ena mwina ankati azakhali akulira mwana wa mlongo wawo. Ndinkamukonda Petulo, inde, koma misozi ija sinali yake.

Masana nkhungu inatsika m'phiri, kukuwaza timvula. Bokosi linanyamuka, nyimbo ili pakamwa, mzere wa anthu utafika kudambo. Amayi anawagwirira alamu uku ndi uku, wina akuwakonza mpango. Aliyense wowayandikira ankati, "Pepani, amake Petulo." Apa m'pamene panandilasa. Ine chiikireni Yohane mudzi wonse unasintha osapangana: ndinasanduka amake Lusiya, ngati woyamba uja sindinamubereke. Ndinayenda kumbuyo kwenikweni ndikudzida. Munthu wamkulu ngati ine kusirira maliro!

Madzulo anthu anabalalika. Otsala anali kuseri, kutsuka mbale. Ndinalowa m'nyumba kukapinda mphasa, ndipo munali zii, fungo la maluwa lokha. Alamu anali pakona, miyendo atatambasula, akuyang'ana khoma. Ndinafuna kutuluka msanga asanaone nkhope yanga.

"Amake Yohane," anatero chapansipansi, "inu mwadutsamo. Mawa kukacha, munthu amadzuka bwanji?"

Mphasa inandipulumuka. Ndinakhala pansi pafupi nawo, mapewa athu atagundana. Yankho ndinali nalo.

"Ndikuuzani, alamu," ndinatero. "Koma yambani mwandiitananso."