Mapu Ozondoka Pazenera la Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la utsi wa ndowe zouma ndi la mapu akale amene ankatseka zenera lathu, ku famu ya ng'ombe kumapiri a Dzalanyama. Mapuwo anawasiya azungu oyeza malo. Agogo aakazi anawamata ndi phala kuti mphepo isalowe, koma anawamata mozondoka. Palibe anadandaula. M'nyumbamo munalibe wodziwa kuwerenga.

Agogo aamuna anali m'busa pafamupo. Zilembo ayi, koma mizere yofiirira ya pamapu ankaidziwa, pakuti ali mnyamata ankanyamulira azunguwo katundu.

"Pamene mizere yathithikana ndi phompho," ankatero. "Pamene yatayana, ng'ombe imagona."

Tsiku lina masana kunagwa nkhungu. Ng'ombe za bere zinapatuka, osaonekanso. Kapitawo sanachulutse mawu.

"Zikapanda kupezeka mawa, a Phiri, mutuluke m'nyumba ya famu."

Kwina kopita tinalibe.

Abusa ena anathamangira kumaphompho akukuwa. Agogo anabwerera kunyumba. Anaima pazenera, n'kupendeketsa mutu, akupukuta mwaye ndi chala.

"Anzanu ali kuthengo, inu mukuonerera chipepala?" anatero agogo aakazi.

"Mukanamata bwino bwenzi nditapita kale. Khosi likundiwawa."

Chala chinaima pa kamalo kotayana pakati pa mapiri awiri, pomwe panadutsa kamzere kobiriwira ka madzi.

Tinanyamuka mbandakucha, ine pambuyo, mame akunyowetsa kabudula, udzu ukucheka miyendo, nkhungu ikununkha ngati bulangete lonyowa. Tisanaone kanthu tinamva kulira kwa mwana wa ng'ombe. Zinali pomwepo zonse, ina itabereka. Agogo anakhala pamwala, navula chipewa. Ndinali ndisanawaonepo chotero.

"Tiye. Usakawauze agogo ako kuti ndinakhala pansi."

M'nyumba muja sitinatuluke.

Lero ndimayendetsa galimoto ku Nairobi, ndimakhala ku Kasarani. Njira imandiuza ndi foni. Mwana wanga wamkazi akuphunzira zoyeza malo pasukulu ina ku Kahawa, konkuno. Tsiku lina anabwera ndi mapu akale a mapiri owetako ng'ombe kuno ku Kenya, n'kuwayala patebulo. Ndinawatembenuza.

"Adadi, mwazondotsa."

"Ndikudziwa."

Dziko lachilendo, mayina osawadziwa. Koma chala chinapita chokha pamene mizere yatayana, ndipo mtima unakhala pansi.

"Apa," ndinamuuza. "Apa ng'ombe imagona."