Mbiri ya Wokonza Njinga

Kwathu ku Kapata munthu akamwalira, mbiri yake amapatsa ine kuti ndikaiwerenge kumanda. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu ndili nawo aakulu, ndipo bodza laulemu ndimalitha. Chidakwa ndimati anali wokonda anthu. Mlesi ndimati anali wofatsa.

Chaka chatha anatisiya mnzanga amene ankakonza njinga pafupi ndi msika. Mkulu ameneyu anali waukali, moti palibe wokwera njinga m'Chipata muno amene sanakalipiridwepo naye. Mkazi wake anandiitanira pambali nati, "Alamu, musakanene kuti anali wofatsa, anthu akatiseka. Komanso musakandichititse manyazi." Ndinabwerera kunyumba ndikukanda m'mutu.

Pakhonde ndinapeza mwana wanga wamkazi, mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, akuwerenga kabuku. Pachikuto panali chithunzi cha bambo wina wamagalasi. Nditasuzumira ndinaona chaka chobadwa, mudzi, sukulu, ukwati. Ntchito yanga ndimaidziwa, choncho ndinavula chipewa.

"Pepani kwa abale ake. Anamwalira liti?"

"Ali moyo, atate. Ndi mlembi wa mabuku a nkhani zopeka, wa kutsidya kwa nyanja."

"Ali moyo, mbiri yatuluka kale? Wailemba ndani, mlamu wake?"

"Munthu wa dziko lina, sanaonanepo n'komwe."

Ndinakhala pansi. Iye ankawerenga n'kumandimasulira, ine kukamwa kuli yasa. Kabukuko sikankamunyengerera mkulu uja. Kanati anali wovuta kukhala naye, ndipo buku lake lachiwiri linali lozizira. Koma kenako kanayamba kumutsata m'ntchito yake, tsamba ndi tsamba: mmene amayambira nkhani ndi munthu atayima pakhomo, chifukwa chake mvula imagwa nthawi zonse wina akamanama, mmene imfa ya amayi ake inalowera m'mabuku atatu popanda kuwatchula. Tangoganizani, mlendo kutha zaka akuyang'anitsitsa manja a munthu mnzake mpaka kudziwa zimene mwina mwini wake sazidziwa. Ine zaka zonsezi ndinkati kulemekeza munthu n'kumupaka mafuta. Ulemu woterewu ndinali ndisanauonepo.

Kumanda ndinapinda pepala limene ndinalembapo mbiri n'kuliika m'thumba. Ndinati, "Malemuwa anali aukali, tonse tikudziwa." Wamasiye anawerama. Ndinapitiriza. Ndinafotokoza mmene ankazungulitsira gudumu pafupi ndi khutu, n'kumadina masipoko ngati akuyimba zeze, mpaka kupeza imodzi yolira mosiyana ndi zinzake. Ndinati mukumbukire bwino zimene ankakukalipirani: mabuleki. Njinga yopanda mabuleki sinkachoka pamalo pake ngakhale mwini wake alumbire bwanji. Chifukwa chake tinkachidziwa ochepa. Mng'ono wake anafera pamtsetse wa ku Kasenengwa atanyamula matumba a mtedza panjinga, mabuleki atakana.

Kumbuyo kunali gulu la onyamula anthu panjinga. Mmodzi analiza belu, wina naye, kenako onse.

Pobwerera wamasiye anandigwira dzanja. "Alamu, zaka zonse ndakhala nawo, za mabulekizo sindinazilumikizepo. Mwazitenga kuti?"

"M'buku la Chingerezi, mlamu."

"Inu kuwerenga Chingerezi? Bodza mwasiya kumanda, musaliyambirenso panjira."