Kalata ya bambo imene ndinaikhotetsa

Chaka chomwe zipani zinayamba kuchuluka, bambo anga anatuluka m'chipatala kachitatu chifuwa chisanathe. Titafika kwathu ku Mitundu anandiitanira kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Iwe wa sukulu, lemba. Ndikadzafookanso musadzandinyamule, ndatopa. Ndidzafere pakhomo pano."

Ndinatenga pepala ndi cholembera. Ndinalemba kuti, "Ndikadzafookanso mudzathamangire nane kuchipatala." Powawerengera ndinanena mawu awo aja, osati a papepala. Anadinda chala, n'kupatsa mayi kuti asunge.

Patatha miyezi iwiri bambo anakomoka. Mayi anatulutsa kalatayo, abambo aang'ono n'kuiwerenga, ndipo tinawakweza bambo pangolo kupita nawo kuchipatala. Ine njira yonse maso anali pa ng'ombe.

Atatsitsimuka anafunsa, "Kalata yanga simunaione?"

"Tatsatira yomweyo," anatero mayi.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinati mwina abambo aang'ono sanawerenge bwino. Munthu woti ndi mphunzitsi!

Anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri, masiku ena akuseka, ambiri akubuula. Nkhaniyi sanaitchulenso, kungoti makalata awo ankakalembetsa kwa anthu ena. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinayenera kupepesa kapena kudikira zikomo.