Njinga Padenga, Che Swaibu M'kati

Pa Ntaja palibe amene sanaonepo msana wa Che Swaibu. Nkhope ena amaiiwala, koma msana iyayi: wautali, wa malaya otuwa ndi dzuwa, ukupendekera uku ndi uku panjinga ya kabaza. Anayamba kupalasa anyamata a njinga zamoto awa asanabadwe. Pakaliyala pawo pakhala azimayi apakati, ashehe, mbuzi, aphunzitsi ochedwa, ndi bambo wina amene ankathawa ukwati wake womwe. Dzina tikulidziwa, ali ndi golosale.

Koma munthuyu ali ndi chilema chake. Akakwera njinga, wina ali kumbuyo, pakamwa pamatseguka ngati wailesi ya mabatire atsopano. Akuuzani mtengo wa mpunga, amene watenga mitala, chimene chinapha ng'ombe ya auje, mpaka mumatsika makutu akulira. Imani nawo maso ndi maso, muone. Mlomo umangonjenjemera, maso ali pa zala zakuphazi. Salamu imatuluka, zikomo amatuluka, basi sitolo yatsekedwa.

Malemu akazi awo, a Rukiya, anawapeza pakaliyala pomwepo, ndipo mankhwala a matendawa ankawadziwa. Pakhomo pakagwa nkhani ankangoti, "Bambo, tulutsani njinga." Anthu akaona awiriwo akuzungulira bwalo la mpira ankadziwa kuti khoti lakhala. Akazungulira pang'ono ndiye kuti ndi za ndiwo. Akapitirira mpaka dzuwa kupendeka, mwana walephera mayeso. A Rukiya atatisiya, wailesi inkalirabe pamsewu, koma kunyumba kunali zii.

Kenaka panayamba kufika mayi wina wa kwa Nsamala ku Balaka, Abiti Idrisa, wamasiye, wogula mpunga ndi matemba kukagulitsa kwawo. Akatsika minibasi ankadutsa njinga zamoto zonse, anyamata akuwakoka chitenje, n'kukakhala pa kabaza wa Che Swaibu. Pasanapite nthawi tinaona khushoni yatsopano pakaliyala, ya mphonje zofiira. Tcheni chinayamba kumwa mafuta. Munthu wa zaka zakezo anagula sopo wonunkhira. Ife si ana.

Vuto linali mtunda. Kuchoka pasiteji kukafika kumsika ndi pafupi, ndipo Che Swaibu nkhani saiyambira pakati. Ankayamba ndi mvula ya chaka chino, kuchoka apo n'kufika pa malata amene anakhoma, kuti kenaka anene kuti nyumbayo yamukulira munthu mmodzi. Koma akangofika pa malata, msika uwu. Tsiku lina anazungulira dala kuseri kwa mzikiti. Malata anangotalika basi.

Lachiwiri lina, pobwerera kusiteji, Abiti Idrisa ndi amene anayamba.

"Che Swaibu, Loweruka kwathu kukubwera alendo. Che Hamisi aja a butchala pa Balaka. Achimwene anga akuti ndakhala ndekha mokwana."

Njinga inalowa m'dzenje limene Che Swaibu akhala akulizemba moyo wawo wonse.

"Ndiye mwati chiyani?"

"Nditi chiyani? Palibe wina wandifunsa kanthu."

Apa ngakhale mbuzi ikanamva. Che Swaibu anakonza kukhosi, anakoka mpweya, n'kuyamba: "Mukudziwa, mvula ya chaka chino..." Minibasi inanyamuka asanafike ndi pa malata pomwe.

Tsono panatsala njira imodzi. Akafike kwa Nsamala Loweruka, mayiyo asanayankhe wa butchala, ndipo akafike ndi njinga, chifukwa Swaibu wopanda njinga ndi chitsa chovala mzuli. Kupalasa mpaka ku Balaka mawondo anakana kalekale. Minibasi analumbira kuti njinga yawo sidzakweranso, kuyambira tsiku limene kondakitala wina anaisanjikiza matumba a mpunga, gudumu n'kutsika litapindika ngati chipande.

Mwayi wake, mwana wa mlongo wawo, Bilali, anali atangobwera kuchokera ku Joni ndi galimoto. Galimoto yake imeneyo. Yofiira psuu, zitseko ziwiri, yogwandira pansi ngati ng'ona ya mu Shire. Mukakhalamo matako amamva kutentha kwa phula. M'buti mwake ngakhale tambala sangatembenuke. Anthu pamsika anamufunsa kuti imanyamula matumba angati, iye n'kuti, "Iyi ndi sipotsi, si ya matumba." Azimayi anamumvera chisoni: zaka zonsezi ku Joni, mwana wa eni ake wabwerako ndi theka la galimoto. Mwini wake ankaipukuta m'mawa ndi madzulo, ntchentche ikaterapo ankaifunsa chimene ikufuna.

Kuti amufotokozere, Che Swaibu anachita kumukweza pakaliyala. Tinamuona Bilali, tcheni m'khosi, nsapato zosongoka, miyendo ili lendelende, akuzungulitsidwa bwalo la mpira ndi amalume akewo, amene iye amawatcha anjomba.

"Anjomba, mukakatsika m'galimoto yanga mutavala mkanjo, wa butchalayo akathawa yekha. Njinga ndi ya chiyani?"

"Galimoto yakoyo ikandilankhulira?"

"Ndikakulankhulirani ine."

"Ndiye akakwatiwe ndi iwe."

Anathera kwa Goliati, wowotcherera zitsulo kuseri kwa siteji, amene makaliyala a minibasi ambiri kuno anatuluka m'manja mwake. Goliati anaizungulira galimoto ija, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa denga kufuna kamlomo kamene kaliyala amagwirapo. Denga linali see ngati dzira.

"Opanga anaiwala," anatero. "Palibe kanthu. Tiboola mabowo anayi okha."

Bilali anagona padenga, manja atatambasula ngati nkhuku yofungatira anapiye.

Goliati anati, "Kapena tiwotcherere pang'ono. Penti ikapsa ndili nayo yobiriwira, inatsala pa geti la kasitomala wina."

"Mukaiyandikira ndi moto, aGoliati, mundiwotche ine kaye."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha kaliyala wa galimoto zoterezi: timitengo tiwiri topyapyala, njinga itaima pamwamba. Goliati anayang'anitsitsa, n'kubweza foni.

"Aka ndi koyanikapo matawulo."

Anapanga wake weniweni, wa zitsulo zokhuthala, wampanda m'mbali zonse, woti n'kunyamula mudzi. Ankafuna kuikanso makwerero kumbuyo, mpaka atamukumbutsa kuti dengalo limamufika m'chiuno. Kuti chitsulo chisakande penti, mapazi a kaliyala anawaveka zidutswa za patapata. Poti kuboola kwakanika, moto wakanika, anagwirizana zomanga ndi mphira wa machubu akale, amene pa Ntaja amamanga chilichonse kupatula ukwati.

Loweruka m'mawa Che Swaibu anafika atavala mkanjo woyera mbee, mzuli watsopano pamutu, njinga yosambitsidwa mpaka masipoko. Zoti igone cham'mbali anakana ndi mutu: njinga yawo sinagonepo masana. Anaiimika chilili pakaliyala, mphonje zikuuluzika.

"Lowani kaye," anatero Goliati. "Anthu amayamba, katundu pambuyo."

Ndi mmene zimakhalira pasiteji, ndipo palibe anaona cholakwika. Awiriwo analowa, anatseka zitseko, anatsitsa magalasi. Goliati analowetsa mphira pawindo ili, kudutsa pamitu yawo, kutulukira pawindo lina, kukwera padenga, kubwereranso, akukoka phazi ataponda tayala. Mfundo pamwamba pa mfundo. Pomaliza anamenya denga kawiri ngati kondakitala.

"Iyi ingafike ndi ku Joni komwe."

Ulendo unali wa ulemu. Bilali akati aponde, kaliyala ankaimba mluzu, njinga n'kuyamba kuvina, Che Swaibu n'kumutsina bondo. Lole ya nzimbe inawapitirira. Ndiponso galimoto ikakhala ndi kaliyala ndi ya aliyense: pa Nsanama mayi wa thumba la chinangwa anaimika dzanja, patsogolo pake bambo wa mbuzi, kenaka anyamata a mabenchi a kusukulu. Aliyense akabayibitsa, phazi la Che Swaibu linkafunafuna pansi kuti liime, poti kasitomala sanamudutsepo chibadwire. Pa mlatho wa Liwonde a kabaza anzawo anaimba mabelu.

"Onani, njinga yapuma pantchito. Lero yakwera kabaza nayonso."

Atasiya phula kulowa njira ya kwa Nsamala, mimba ya galimoto inkakhula pansi, ndipo ikakhula Bilali ankabuula ngati ndi mimba yake.

Anapeza mphasa zayalidwa kale pansi pa mtengo wa bwemba. Njinga yamoto itaima pambali, mwendo wa mbuzi utakulungidwa bwino, ndi Che Hamisi eni ake, amene sakhulupirira pakamwa pa munthu wina, atakhala pakati pa abale awo. Onse anadzuka kuona chodabwitsa chofiirachi. Bilali anakonza magalasi a m'maso, n'kukankha chitseko.

Chitseko chinangoti gwa.

Anakankhanso. Anayang'ana mphira wodutsa pamutu pake. Anayang'ana amalume ake. Goliati anali atawamangira limodzi ndi katundu.

Bilali, poti ndi wowonda, anadzipotokola n'kutulukira pawindo, nsapato imodzi n'kutsalira m'kati. Che Swaibu anayesa nawonso. Mutu unatuluka, mzuli unagwa m'fumbi, mawondo anati ife sitikupita kulikonse. Anabwerera pampando. Mfundo za Goliati nazo zinali zitaphikidwa ndi dzuwa, chala sichinkalowa. Wina anatchula mpeni, Bilali n'kukuwa kuti mphira ukangoduka chitsulo chonsecho chitsetserekera pagalasi.

"Alendo a ku Ntaja amabwera chomangidwa ngati nkhuku za pamsika," anatero Che Hamisi. "Mukugulitsa bwanji tambalayu, mphwanga?"

Anthu anaseka. Achimwene awo a Abiti Idrisa anadza pawindo, anawerama, n'kupereka salamu. Inayankhidwa.

"Mwatiyendera, bambo. Kwagwanji?"

Maso anapita kuzala zakuphazi.

"Zikomo," anatero Che Swaibu.

"Zikomo ndithu. Nanga nkhani?"

"Zikomo."

"Chabwino, pumani kaye momwemo. Ife tili ndi alendo akudikira yankho, mpunga nawo ukuzizira."

Njinga inali pamwamba pa mutu wa Che Swaibu penipeni, ankamva mphepo ikuliza masipoko, koma ngakhale ikanakhala ku nyanja ya Chiuta zikanafanana.

Apa m'pamene Abiti Idrisa anatuluka m'nyumba. Anatola mzuli uja, anaukuntha fumbi, n'kuupereka pawindo. Anayang'ana munthu, anayang'ana njinga, anayang'ananso munthu.

"Iwe wa nsapato imodzi," anatero kwa Bilali, "tandimasulira khushoni iyo."

Bilali anaimasula. Mayiyo anapita kumbuyo kwa galimoto, anaika khushoni pabuti, anakonza chitenje, n'kukhala cham'mbali, miyendo mbali imodzi, mmene amakhalira pa kabaza. Galimoto inatsika pang'ono, mtima wa Bilali unatsika kwambiri. Kenaka mayiyo anagogoda pagalasi lakumbuyo.

"Tiyeni, Che Swaibu. Koma za mvula ndinamva. Za malata ndinamvanso. Yambirani patsogolo."

Che Swaibu anamva kulemera kuja kumsana kwawo. Manja anagwira kutsogolo. Mapazi anayamba kupalasa okha pansi pa mkanjo. Ndipo mawu anatuluka, aakulu, a munthu wozolowera kulimbana ndi mphepo, moti anamveka mpaka kuchitsime.

"Nyumba ija yandikulira, Abiti Idrisa. M'mawa ndimaphika tiyi wa anthu awiri, winayo ndimathira papaya la pakhomo, lanenepa kuposa ine. Mawondo anga atha. Njinga yamoto ndilibe, nyama ndimaiona pa Idi. Koma Lachiwiri mukapanda kubwera ndimanyamula anthu ngati ndanyamula makala. Khushoni mwakhalirayo sindinagulire matemba anu. Ndabwera kudzakupemphani kwa achimwene anu, mukakhale kumbuyo kwanga mpaka Mulungu atatitsitsa."

Wailesi ikatseguka sizima msanga, ndiye anapitiriza za Goliati, za mtengo wa machubu, za mayi wa chinangwa wa pa Nsanama, mpaka Abiti Idrisa anagogodanso.

"Imani pompa. Ndafika."

"Nanga yankho, mlongo?" anafunsa achimwene awo.

"Achimwene, mpunga uliponso pa Liwonde. Mumaganiza kuti ndimapitirira mpaka ku Ntaja chifukwa chiyani?"

Che Hamisi tisawanamizire, ndi munthu. Anapukusa mutu, n'kusolola mpeni wawo wa kubutchala. Amuna anayi anagwira kaliyala, iwo anadula mphira, ndipo amene anadzera mkazi anathera kumasula mkwati. Mpunga anadya nawo, mbale ziwiri. Mwendo wa mbuzi uja anabwerera nawo.

Kaliyala wa Goliati sanakwerenso padenga. Ali pakhomo pa Che Swaibu, amayanikapo matemba, ndipo pa ntchito imeneyo alibe mnzake. Bilali amaonetsa aliyense kachizindikiro kena pabuti, koma kuti mukaone mpaka mugwade.

Masiku ano madzulo njinga ija yayambanso kuzungulira bwalo la mpira, mphonje zofiira zikuuluzika. Dzulo khoti linakhalitsa ndithu. Amene anadutsa pafupi akuti nkhani inali ya papaya lija: chilekere kumwa tiyi layamba kufota, ndipo awiriwo sakugwirizana kuti wolakwa ndani.