Madontho a Penti Yachikasu

Mlamu wanga ndimadana naye, ndipo sindichita manyazi kunena. Anabwerako kunja boma litangosintha, nthawi imene anthu othawa anayamba kubwerera kwawo. Ena anabwera ndi masutikesi, iye anabwera ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, injini kumbuyo, konyonyomala pansi ngati chule. Anagula esiteti ya fodya kuseri kwa Chisepo, ndipo chaka chisanathe anakwatira mlongo wanga wamng'ono.

Ine ndinali makanika. Galaja yanga inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo matola onse oyenda njira ya Madisi anadutsapo m'manja mwanga. Tsiku loyamba kukaona kagalimotoko ndinangosisita chitseko, chifukwa kunena zoona kanali kokongola.

"Alamu, manjawo," anatero. "Iyi si ngolo ayi."

Kagalimotoko kankakonzedwa ku Lilongwe kokha, ku kampani yogulitsa magalimoto akunja. Kumeneko akamanga bawuti ankadonthezapo penti yachikasu. Dontholo likasweka ankadziwa kuti wagwirapo makanika wa pansi pa mtengo, ndipo anali atamuuza mlamu wanga kuti zikatero sadzakalandiranso. Mlamu wanga ankaopa madonthowo kuposa mmene ankaopera Mulungu.

Koma misewu yathu ya kumapiri siidziwa zimenezo. Mwezi uno miyala yakhula kumimba, mwezi wamawa fumbi latseka penapake. Ulendo uliwonse wa ku Lilongwe unkadya mabelo a fodya, matenanti ake akudya gaga. Pamapeto pake anagulitsa thalakitala ya pa esiteti kuti kachule kake kapeze zipangizo zatsopano.

M'nyengo yozizira paipi ya rabala yopititsa madzi ku injini inang'ambika. Kampani inatumiza munthu wovala ovolosi yoyera ngati dokotala. Anasuzumira, nalemba pakapepala, nanena kuti paipi yotere iyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Anakankhira kagalimotoko m'chigafa n'kukafunditsa lona.

Nthawi imeneyo mlongo wanga anali woyembekezera, mimba yoyamba. Ndinapita kwa mwamuna wake mwaulemu.

"Alamu, pamudzi pano galimoto ndi yokhayi. Mlongo wangayu masiku ake ayandikira. Ndili ndi paipi ya thalakitala, ndingoidula pang'ono ikwana. Ikabwera yanuyo mudzasintha."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Paipi ya thalakitala? Inu mumadziwa kuti galimoto imeneyi ndi ya mtundu wanji?"

"Ndimadziwa kuti madzi ndi madzi."

"Konzani matola anu, alamu. Izi zakukulirani."

Ndinapitanso kawiri. Ulendo wachitatu anandilandirira pakhonde, osandipatsa ndi mpando womwe.

Tsiku lina m'mawa, nditangotsegula bokosi la zitsulo, kunafika tenanti wa pa esiteti pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anati amayi akundiitana, mlongo wanga wayamba kudwala dzulo ndipo azamba anena kuti zawakanika, athamangire naye kuchipatala. Ndinaponya masipanala ndi paipi ija m'thumba n'kupalasa njinga yanga.

Ndinapeza amayi ali pakhomo, chitenje chili m'chiuno, maso ali psuu. M'nyumba ndinkamva mlongo wanga akubuula. Ndinalunjika kuchigafa n'kuvundukula lona. Mlamu wanga anabwera chothamanga n'kuima pakati pa ine ndi galimoto.

"Ndatuma kale anthu akatenge ng'ombe kudambo. Apita pa ngolo."

"Ngolo ikafika ku Madisi dzuwa litapendeka. Chokani apa."

"Mukaswa pentiyo ndiye kuti galimoto yatha. Sadzaikonzanso. Mukumvetsa?"

Tinakangana. Ndinamupempha, ndinamutukwana, ndinamupemphanso. Amayi anabwera n'kugwada pafumbi pamaso pa mkamwini wawo, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. "Bambo, tithandizeni, mwanayu atifera," anatero. Iye anayang'ana kumbali n'kunena kuti ng'ombe zili m'njira. Ng'ombezo sizinkaoneka. Mthunzi wa chigafa unali utafupika ndithu pamene ndinazindikira kuti ndikutaya nthawi polankhula ndi chitsa. Ndinamugwira pakolala n'kumuponyera pamulu wa mapesi.

Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha ola limenelo. Ndikanamuponya nditangofika.

Mabawuti anali anayi. Penti inasweka mosavuta ngati chikhungwa cha dzira. Ndinadula paipi ya thalakitala ndi mpeni, ndinamanga, amayi anathira madzi a mumtsuko, ndipo injini inalira ulendo woyamba womwe. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoposa yowiritsira madzi a tiyi.

Poti mipando inali iwiri yokha, anapita mlongo wanga ndi mwamuna wakeyo. Ine ndinanyamula amayi pakaliyala n'kutsatira fumbi lawo. Titafika ku Madisi tinapeza zonse zatha. Mlongo wanga anamupulumutsa, koma mwana anabadwa atafa kale. Namwino wina anangotiyang'ana n'kufunsa chimene tinachedwera.

Mwana wotere kwathu samulira maliro. Anakamuika azimayi okhaokha mwakachetechete, ife amuna titakhala pakhomo ngati palibe chachitika. Mkwiyo wanga unalibe potulukira.

Patapita sabata ziwiri ndinapita kukaona mlongo wanga. Anali chigonere m'chipinda, zenera lili lotsegula. Potuluka mlamu wanga ananditsatira, nkhope ili yofatsa. Ndinaganiza kuti mwina afuna kupepesa, ndipo mtima wanga wopusawu unayamba kale kufewa. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kachitini ndi nthenga ya nkhuku.

"Alamu, paipi ija yafika. Munthu wa kampani abwera Lachisanu," anatero monong'ona. "Mubwezeretse yong'ambika ija, ndiye mudonthezepo aka. Ine dzanja langa limanjenjemera. Mtundu wake ndi womwewo, ndayerekeza."

Ndinayang'ana kachitiniko, ndinayang'ana zenera lija. Ndikanakweza mawu mlongo wanga akanamva, ndipo akanadziwa chimene mwamuna wake ankaganizira masiku onse amene iye ankalira chamumtima. Ndinalandira.

Ndinachotsa paipi yanga n'kubwezeretsa yowola ija. Ndinaviika nthenga m'penti n'kudontheza pa bawuti iliyonse, madontho anayi, mosamala monga ndimagwirira ntchito zanga zonse. Iye anawerama n'kuyang'anitsitsa limodzilimodzi.

"Koma ndinu katswiri, alamu," anatero.

Lachisanu munthu wa ovolosi yoyera uja anabwera, ndipo sanazindikire kanthu. Mlongo wanga anakhala ndi mwamuna ameneyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Sanakhalenso ndi mwana wina.