Mayi Amene Anayankha Foni ya Amuna Anga

Pa wailesi yakanema pali pulogalamu ina imene anyamata otchena amaonetsa mafoni atsopano. Amaitembenuza foni uku ndi uku ngati akusankha nsomba pamsika, n'kumati iyi imajambula ngakhale mumdima, iyi imadziwa nkhope ya mwini wake. Ine ikangoyamba ndimadzuka kukachita zina. Ana amati ndine wachikale. Si chikale ayi. Anyamata amenewo amatchula zonse zimene foni imatha kuchita, koma sindinawamvepo akunena zimene ingachite m'nyumba ya munthu.

Amuna anga ndiwo ankaikonda pulogalamuyo, zaka zija tinalibe kanema wathuwathu. Ankakaonera pasitolo ina pa boma, ataima pakhonde, ndipo pobwera ankandifotokozera zonse ngati anali nawo konko. Ntchito yawo inali yogula manachesi kwa alimi a ku Thambani n'kumatumiza ku Blantyre. Ine ndinkasoka zovala pakhomo. Tinkakhala kwathu kwa Nthache, pamalo a mayi anga, iwo ngati mkamwini.

Chaka china anabwera ndi foni imene anagula kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Mozambique. Inali yaikulu ngati sopo wochapira, ya makadi awiri, ya tochi, ndipo inali ndi kawaya kosolola kuti munthu azioneramo kanema. Kanemayo sitinamuonepo, pagalasi pankangothothoka zinthu ngati mchenga. Zolemba zonse za m'katimo zinali za Chipwitikizi. Iwo Chipwitikizi chawo chinali cha moni ndi kunenerera mtengo, osati chowerenga, ndiye ankangodina mabatani mwachimbulimbuli n'kumadikira kuti chichitike n'chiyani. Ndinawauza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anati ndikuchita nsanje poti yanga inali yomanga ndi mphira.

Nyengo ya manachesi itafika, kukuzizira, ananyamuka monga mwa masiku onse. Dongosolo lathu linali loti ine ndiziflasha, iwo akakwera pachulu pamene pamagwira netiweki aziimba. Ulendo umenewo ndinaflasha, zii. Ndinaflashanso, zii. Masiku anapita. Kumjigo nkhani inali ya mnzanga wina amene amuna ake, ogula mbewu ngati anga, anapezeka kuti ali ndi nyumba ina ndi ana awiri cha kumalire. Amayi ankakamba nkhaniyo akundiyang'ana cham'mbali. Ndinkanamizira kutsuka ndowa, koma mtima unali m'mwamba.

Ndinagula mayunitsi n'kuimba. Inaitana, ndipo anayankha munthu wamkazi.

"Halo?" Mawu ake anali opyapyala, a mtsikana wosadziwa khasu.

"Ndikufuna eni ake a foniyi," ndinatero.

"Ndine. Mwaswera bwanji kumeneko, amayi? Ana ali bwanji?"

"Ndinu ndani inu?"

"Aa, mwayamba liti kundifunsa zimenezo? Ndine amuna anu."

Kenako anaseka. Kasekedwe kake ndi kamene kanandimaliza: kotulukira m'mphuno, kodukaduka, ndendende ka amuna anga. Ndinati basi, awa akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka aphunzitsana kuseka, ndipo tsopano akundisewera ali pamphasa imodzi. Ndinadula foni.

Ndinabwerera pamakina kuti ndimalize diresi ya mwana wa eni, koma ulusi unkakana kulowa pasingano. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, abale anga amadziwa, ndipo ndikapsa sindidziwa kulira, ndimadziwa kulankhula. Ndinapita kuseri kwa nyumba kuti ana asamve, n'kuimbanso.

"Tamverani kuno, mayi inu," ndinayamba asanamalize halo wake. "Mwina mukuyesa mwatola chamtengo. Mutengeni, ndakupatsani. Munthu ameneyo ndamusunga ine pamalo a mayi anga zaka zonsezi. Ine ndinakwatiwa naye chifukwa amene ndinkamufuna anapita ku Joni osabwerako, ndipo msinkhu unkandithawa. Ndakhala naye chifukwa cha ana basi. Akanyamuka kupita ku Thambani ndi pamene ine ndimapuma. Mukamuuze choncho, muwonjezere zanu ngati mukufuna."

Ndinamusambitsa chokweza, ndipo zina zimene ndinanena sindingazilembe pano. Kumbali inayo ndinkangomva kupuma, ndi mbuzi ikulira patali.

"Amayi," anatero mawu aja pang'onopang'ono, "mwamaliza?"

Mayunitsi anathera pomwepo.

Madzulo ake ndinalongedza zovala zawo m'thumba la feteleza, ndinaikamo ndi nsapato za kutchalitchi, n'kuika thumbalo pakhonde. Kwathu kuno banja likatha wochoka ndi mwamuna. Ndinatuma uthenga kwa amalume anga, amene ndi nkhoswe yanga, kuti aitane achimwene a amuna anga, nkhoswe ya kuchimuna. Mwana wanga wamkulu anaona thumbalo, n'kundiyang'ana. Kuyang'ana kwakeko kunandipweteka kuposa mawu.

Amuna anga anafika m'mawa mwake pakabaza. Anali otuwa ndi fumbi, m'manja mulibe ngakhale nachesi limodzi la ana. Anaona thumba pakhonde ndipo sanalowe m'nyumba. Tinatsogozana kupita kwa amalume ngati anthu osadziwana.

Tinakhala pabwalo, ine pamphasa ndi azakhali, akazi a amalume, amuna pamipando. Ndinafotokoza zonse za mkazi uja, mawu ake, kuseka kwake, chipongwe chake chodzitcha amuna anga. Zimene ndinamuuza ine sindinazitchule.

"Achimwene, yankhani," inatero nkhoswe ya kuchimuna.

"Foni sinachoke m'thumba mwanga," anatero amuna anga, maso ali pansi. "Kuflasha kwawo sindinakuone, batire inatha ndipo kotchajitsa kunali kutali. Koma ataimba, amene anayankha ndine. Kawiri konse."

Kuchita chigololo ndi kwina, koma kundisandutsa wamisala pamaso pa abale anga ndinaona kuti n'kopitirira. Ndinadzuka n'kumanga chitenje. Ndinanena kuti makutu anga sanagonthe, ndipo ngati ankhoswe akufuna kumva bodza amve okha, ine banja ndathana nalo.

"Khala pansi, mphwanga," anatero amalume. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafoni onse awiri ali pano. Imba tione."

Azakhali anandibwereka foni yawo poti yanga inalibe mayunitsi, ndipo amalume anati ndiike pokweza kuti onse amve. Foni yaikulu ija inalira m'thumba la jekete. Amuna anga anaitulutsa, anaiika kukhutu, anati, "Halo."

Pakamwa pawo panatuluka mawu awo omwe aja, okhuthala. M'dzanja langa munatuluka mtsikana uja.

Azakhali anakuwa n'kudzikhwekhwereza chammbuyo. Ine ndinatsala pang'ono kuitaya foniyo. Amalume anati, "Tabwerezani." Amuna anga anati, "Ndine, amayi," ndipo mtsikanayo anati, "Ndine, amayi," milomo yawo ikuyenda ife tikuona.

Pambuyo pake wokonza mafoni pa boma anatiuza kuti mafoni amenewo ali ndi malo osinthira mawu, munthu n'kumamveka ngati mkazi, mwana kapena nkhalamba, mwini wake osadzimva. Pakudinadina kuja amuna anga anali atatsegula pamenepo. Koma tsiku limenelo pabwalo panalibe wofuna kufotokozeredwa. Achimwene a amuna anga anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba, amalume misozi ili mbwembwembwe. Azakhali ankati mkazi mnzanga wabwera yekha kudzapepesa, ndimuphikire tiyi. Nane ndinaseka, chifukwa banja limene ndinali nditalitaya linali litabwerera m'manja mwanga.

Ndili m'kati moseka ndinaona kuti munthu m'modzi sakuseka. Apo ndi pamene zinandifika. Panalibe mkazi aliyense. Zonse zimene ndinalankhula kuseri kwa nyumba zinalowa m'khutu la amuna anga, iwo ataima okha pachulu.

"Koma nanga ankakuuzani chiyani pafoni paja, poti ankayesa ndinu mkazi?" anafunsa achimwene awo, akupukuta m'maso.

Akanangotchula za ku Joni pamaso pa abale awo, mlandu ukanatembenuka, ndipo palibe nkhoswe imene ikanausoka.

"Zaukali chabe," anatero amuna anga. "Sindinazimvetse bwino, netiweki inkadukaduka."

Ankhoswe anatilangiza pang'ono, n'kutimasula. Titafika kunyumba, amuna anga anatola thumba lija pakhonde, analowa nalo, n'kuyamba kutulutsa malaya awo limodzi ndi limodzi, akuwapinda bwinobwino. Ndinaima pakhomo la kuchipinda. Ndinkachita mantha, ndipo ndinkawamvera chisoni kuposa m'mene ndinawamverapo chikwatiranireni.

"Abambo," ndinatero, "zija ndinanena zija, unali mkwiyo. Komanso sindinkauza inu. Ndinkauza mkazi mnzanga."

Anasiya kupinda, koma sanatembenuke.

"Ndikudziwa kuti simunkauza ine," anatero. "N'chifukwa chake ndazikhulupirira."