Kapu Yanga Yobooledwa

Dzulo mdzukulu wanga amaboola chitini ndi msomali kuti adzalemo duwa. Kulira kwa msomaliwo kunandibweza ku Matope, kuseri kwa nyumba yathu.

Ndinali mwana, ndipo chaka chimenecho tinali titaika mng'ono wanga Fanesi. Tsiku lina popita ku nkhuni ndinasuzumira kumanda, ndipo ndinaona kapu yake ndi kambale kake pamtumbira, zonse zobooledwa pansi. Mkulu wanga anandinong'oneza kuti ziwiya za munthu wakufa amazitero.

Madzulo ena mvula itangokata, ndinapeza amayi atagwada m'matope kuseri kuja. Anali atafukiza masamba a mpungabwe, utsi ukukwawa pansi ngati nkhungu. Anaunjika zitini zonse za pakhomo, n'kumaboola chimodzichimodzi, maso ali psuu. Kenaka anatola kapu yanga ya masanje. M'madzi ake munkavinavina tizilombo takuda. Anakhuthula madziwo, n'kuika msomali. Kho! Kho!

"Amayi, kodi ine ndikudwala?" ndinafunsa.

"Ukudwala chiyani iwe? Lowa m'nyumba, udzudzu wayamba."

Dzinja lonselo ndinkadzigwira pamphumi m'mawa uliwonse, kudikira kuti thupi litenthe. Mikanda yanga ndinagawiratu anzanga. Sindinauze munthu.

Ndinadzamvetsa nditabereka wanga mwana. Azaumoyo anali atawauza amayi kuti udzudzu umene unapatsa Fanesi malungo umaswana m'madzi okhalira m'zitini. Amayi sankandikonzera maliro ayi. Ankaboola kapu yanga pakhomo kuti asadzaiboolere kumanda.